Mayina Anachedwa pa Waya

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa kutayipa. Nditamaliza Giredi 12 ndinakhala chaka chathunthu pakhomo ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, ndikuthandiza amayi kugulitsa makala ndi tomato. Bambo anali atasiya kale ntchito ya ku njanji, ndipo nkhani ya koleji sitinkaitchula n'komwe. Kutayipako ndinaphunzira pa makina akale a ku tchalitchi kwathu, polemba zilengezo za achinyamata.

Lamlungu lina titatuluka m'mapemphero, Amai Sakala anandiimitsa pakhomo. Iwo ankatsogolera kagulu ka amayi osamalira odwala m'makomo.

"Ndiwe Esnati wamene ulemba mapepala ya achinyamata? Ubwele Mande ku ofesi. Tili na kompyuta, koma ine zala zanga ni za khasu."

Ofesiyo inali zipinda ziwiri kuseri kwa shopu, pa msewu wopita ku mafakitale. Munali makompyuta awiri amene anthu ena anapereka ataleka kuwagwiritsa ntchito, foni imodzi ya waya, ndi katoni ya zipangizo zakale pansi pa tebulo. Munalinso Ba Daka. Anali bambo wamtali, wolankhula pang'ono, amene anagwirapo ntchito yokonza mamita ndi mawaya pa fakitale ina ya komweko kufikira ntchito itachepa. Ku ofesi kwathu ankabwera katatu pa mlungu kudzasamalira makinawo. Ndiwo anaika Linux m'makompyuta onse awiri, pulogalamu yoyendetsera kompyuta imene munthu sagula, imene aliyense amaloledwa kukopera ndi kusintha. Ankainyadira ngati munda wolima okha.

Masiku amenewo, zaka za m'ma 2000 zitangoyamba, imelo inkadutsa pa waya wa foni. Pakati pa kompyuta ndi khoma pankakhala modemu, kabokosi kotuwa kokhala ndi timagetsi tofiira kutsogolo. Waya wina wonenepa unkachoka pa modemuyo kukalowa kumbuyo kwa kompyuta, wina wowonda unkapita pa soketi ya foni. Ndikafuna kutumiza makalata ndinkatsegula windo lakuda lolembamo malamulo, n'kulemba wvdial. Modemu inkayamba kung'ung'udza, kenako n'kuimba nambala, kenako n'kulira mokwiya ngati wailesi imene yasowa siteshoni. Ikakhala chete, ndiye kuti talowa. Ndinkatumiza mwachangu n'kudula, chifukwa nthawi yonseyo munthu sakanatha kutiimbira.

Ba Daka sankafuna kuti ndingoloweza malamulo. Anandigulira kope la sukulu n'kundiuza kuti ndizilembamo zonse.

"Ikakana, usayambile pa sikilini. Yambila pa khoma," ankatero.

Choyamba, nyamula foni umve ngati layini ili moyo. Chachiwiri, yang'ana timagetsi ndi mawaya. Chachitatu, tsegula minicom, kapulogalamu kolankhulira ndi modemu mwachindunji, ulembe AT. Ikayankha kuti OK, ndiye kuti ikukumva. Pambuyo pake mpamene umatsegula fayilo yotchedwa wvdial.conf, kuona ngati nambala, dzina ndi mawu achinsinsi zili bwino. Pamwamba pa tsamba loyamba anandilembetsa lamulo lina ndi zilembo zazikulu: nthawi ya mvula, usanatseke ofesi, zula waya wa foni pa modemu. Mphezi ikagunda mtengo wa mawaya ngakhale kutali, moto wake umayenda m'wayamo kudzafika pa tebulo.

Ndinagwira nawo miyezi isanu ndi itatu. M'miyezi imeneyo ndinaona lamba wawo akuonjezeredwa mabowo. Ankatsokomola n'kutembenukira ku zenera. Masiku obwera anachoka pa atatu kufika pa awiri, kenako limodzi. Ofesi yathu inali ya matenda omwewo, aja anthu ankaopa kuwatchula dzina, tinkalemba za iwo tsiku ndi tsiku, koma palibe amene anatchulapo kanthu za Ba Daka. Ine ndinkadziuza kuti ndi chifuwa cha fumbi la ku fakitale.

Mvula itayamba, kunabwera uthenga wochokera ku bungwe lina la ku Lusaka. Linkafuna kuyamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo kwa anthu ochepa, ndipo linatipatsa mwayi wotumiza mayina a odwala athu. Nthawi imeneyo mankhwalawo munthu wamba ankangowamva m'nkhani. Anati mayina ndi zotsatira za magazi zifike pa imelo, pa fomu yawo, pasanakwane 12 koloko masana Lachisanu, chifukwa madokotala ankakhala pansi masana omwewo kusankha.

Lachinayi masana Amai Sakala anandipatsa mapepala m'envulopu, natseka chitseko.

"Vamene uzaona umu, vikhale umu. Ngakhale amai ako osawauza."

Ndinayamba kutayipa. Ena ndinkawadziwa, mayi wina wogulitsa nsomba, mnzanga wina wa ku pulayimale. Pa pepala lachikhumi ndi chinayi ndinapeza dzina la Ba Daka, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe ndinkalidziwa, zilembo zoongoka ngati za pa pulani. Nambala ya magazi awo inali yotsika kuposa ya wina aliyense amene ndinali nditalemba. Ndinatayipa mzere umenewo kawiri chifukwa zala zinkaphonya.

Sindikanatha kutumiza tsiku lomwelo. Zotsatira za anthu awiri zinali zisanafike, ndipo nesi amene ankatithandiza za magazi analonjeza kubwera nazo mmawa. Ndinasunga fayilo, n'kukoperanso pa diski monga Ba Daka anandiphunzitsira. Kunja kunali kutada ndi mitambo ya ku mtsinje. Ndinazimitsa kompyuta, n'kutseka mazenera, n'kukhoma chitseko, mutu uli pa pepala lachikhumi ndi chinayi lija. Waya wa foni sindinaukhudze. Mvula inandipeza ndisanafike kunyumba, ndipo mphezi zake zinali zoti amayi anaphimba galasi ndi chitenje.

Lachisanu nesi anafika 8 koloko. Ndinamaliza fomu, n'kuimangirira ku kalata, n'kulemba wvdial. Modemu sinang'ung'udze. Pa sikirini panatuluka mawu awiri: NO DIALTONE, kutanthauza kuti sikumva layini. Ndinayang'ana kumbuyo kwake. Waya wowonda uja unali chilowereni.

Nthawi yomweyo Amai Sakala anasuzumira pakhomo, chikwama chili paphewa. Ankapita ku Shimabala ndi amayi ena kukaona odwala, ndipo ankabwerako madzulo.

"Vili bwino? Yapita?"

"Vili bwino, amai. Nizatuma manje manje."

Anagwedeza mutu n'kupita. Inali 9 koloko isanakwane.

Ndinatsegula kope langa n'kuyambira pa khoma. Ndinanyamula foni: layini inali moyo, ngakhale munkamveka kuthetheka ngati mafuta pamoto. Timagetsi ta modemu tinali kuyaka. Mu minicom ndinalemba AT, inayankha OK, ndipo mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinailamula kuti iimbe nambala. NO DIALTONE. Ndinasintha waya wowonda, kutenga wa pa foni yeniyeniyo. Chimodzimodzi. Ndinalemba ATX3, lamulo louza modemu kuti iimbe osadikira kumva layini. Inakhala ngati ikuyesa, kenako inati NO CARRIER: mbali inayo kulibe woyankha. Ndinatenga kabokosiko n'kukanunkhiza pa timabowo take. Kankanunkha pulasitiki wopsa.

Apa ndiye ndinadziwa. Mbali yolankhula ndi kompyuta inali moyo, mbali yolankhula ndi foni inali itapsa. Ba Daka anali atandiuzapo kuti mphezi imapha modemu mwa njira imeneyi. Inali kota pasiti naini. Diski inali m'kabati. Minibasi za ku Lusaka zinkaima pa msewu waukulu, mtunda woyenda mphindi khumi. Ndikanakwera nthawi imeneyo, ndikanafika ndi diskiyo m'manja nthawi ikadalipo. Ganizolo linabwera, ndipo ndinalikankha. Kukwera basi kunali kuvomera kuti ndawotcha modemu, kunali kupita kukagogoda kwa mkulu wa mpingo amene ankasunga ndalama za ofesi Amai Sakala akachoka, n'kufotokoza zonse. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Ndinadziuza kuti ndikonza ndekha, munthu asadziwe.

Kompyuta yachiwiri inali ndi modemu ya mkati imene sitinkaigwiritsa ntchito. Sindinafunsepo chifukwa chake. Ndinasamutsa fayilo, n'kulowetsa waya, n'kulemba wvdialconf, lamulo lofufuza modemu paliponse pamene ingakhale. Linayesa makomo onse a kompyutayo limodzilimodzi n'kunena kuti silinapeze kanthu. Ndinalemba lspci kuti ndione zonse zimene zili mkati mwa kompyuta, ndipo modemuyo inaonekera pa mndandanda, dzina lake lonse. Inalipo, koma sinkayankha. Ndinazimitsa, kutsegula bokosi ndi mpeni wa tebulo, kuizula, kuipukuta, kuibwezera. Ndinachita zimenezi kawiri. Pambuyo pake mpamene ndinapeza kapepala kamene Ba Daka anamata mkati mwa chivundikiro: modemu iyi ndi ya theka, imafuna pulogalamu yake yapadera imene Linux yathu ilibe. Pulogalamuyo inkapezeka pa intaneti. Kuti ndifike pa intaneti ndinkafunika modemu.

Nditayang'ana wotchi inali 11 koloko. Basi inali itandithawa kale.

Ndinaimba foni ku Lusaka. Anayankha mtsikana wa pa desiki, mwaulemu ndithu. Anati amene akuyang'anira nkhaniyo ali mu msonkhano, mayina a odwala salandira pa foni, nditumize pa imelo monga anauzira aliyense. Ndinapempha kuti awauze kuti a ku Kafue tichedwa pang'ono. Anati alemba pa kapepala.

Ndinakhoma ofesi n'kuthamanga. Pa malo amodzi okha amene ndinkadziwa m'tauni okhala ndi intaneti ndinapeza mwini wake atakhala panja. Foni yawo inali itaferatu ndi mvula yomweyo. Ndinapitirira mpaka ku Nangongwe, kwa Ba Daka, matope akufika m'akakolo.

Akazi awo, amake Dalitso, anandilowetsa monyinyirika. Ba Daka anali atagona pa matiresi pabalaza, pafupi ndi khomo kuti azipeza mpweya. Ndinali ndisanawaone milungu iwiri. Manja awo anali ngati nkhuni. Ndinagwada n'kufotokoza mwachangu: AT ikuyankha, layini ili moyo, koma NO DIALTONE.

"Yapsa," anatero. "Kaleza ya mailo." Ankanena mphezi ya dzulo lake.

Sanandifunse za waya. Anauza akazi awo kuti akoke sutikesi pansi pa bedi. Munali modemu yawoyawo yakale, yaikulu ngati njerwa, yokulungidwa m'thawulo, pamodzi ndi waya wake. Anapempha bolopeni, n'kulemba mzere umodzi kumbuyo kwa envulopu, zilembo zikutuluka zopindikapindika.

"Layini ikankhala na manzi, izayamba kudula. Uike ichi mu fayilo, iziyenda pang'ono pang'ono. Osaithamangisa." Anapuma kaye. "Ni vija va ku Lusaka?"

"Ee."

Anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti adziwa kuti ndaona. Anatembenukira kukhoma.

"Yenda, mwana wanga."

Pa wotchi ya pabalaza pawo inali 12 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri.

Ku ofesi ndinalumikiza modemu yawo. Inayankha OK. Inang'ung'udza, inaimba, inalira, ndipo ndinalira nayo. Tinalowa. Kalata itafika pakati, layini inaduka. Ndinayesanso, inadukanso. Ndinatsegula fayilo n'kuikamo mzere wa pa envulopu, koma chilembo chimodzi sindinachiwerenge bwino, ndipo modemu inkangoti ERROR. Ndinayesa zilembo zitatu zosiyana ndisanapeze cholondola. Itagwira, inayenda ngati nkhono, koma sinaduke. Kalata inatuluka kota pasiti fili.

Amai Sakala anabwera dzuwa litapendeka, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Ndinawauza zonse, kuyambira pa waya. Anakhala pa mpando osavula chikwama. Sanakalipe.

"Esnati, kuseni ninakufunsa. Sembe unakamba chabe, sembe ninakukwezeka basi na diski yako. Modemu ni chinthu, tingapeze inangu."

Yankho linabwera Lolemba, kudzera pa modemu ya Ba Daka yomweyo. Linali laulemu. Madokotala anakhala Lachisanu masana, malo onse anadzaza ndi mayina amene anafika pa nthawi yake, athu adzaganiziridwa pa gulu lotsatira pakatha miyezi itatu. Amai Sakala anapita okha ku Lusaka Lachiwiri kukapempha. Anabwerako opanda kanthu. Anthu amene anatenga malowo analinso odwala ngati athu, ndipo panalibe woti achotsedwe.

Amai Sakala anati apita okha kukauza mabanja. Ndinapempha kuti kwa Ba Daka ndipite ine.

Ndinanyamula modemu yopsa ija m'pepala la pulasitiki, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinawapeza atakhala tsonga, atatsamira pilo. Amake Dalitso anatuluka kukakhala pakhonde. Ndinanena zonse maso ali pansi: kuti sindinazule waya, kuti ndinanamiza Amai Sakala, kuti mayina anachedwa. Anamvetsera osandidula.

"Unaziba nthawi bwanji kuti yapsa?"

"Kota pasiti naini."

"Unauza munthu nthawi bwanji?"

Ndinayang'ana modemu imene ndinanyamula, ndipo iwo anapitiriza.

"Waya aliyense amaibala. Na ine ninashokesapo mita ya ku fakitale, ikulu kuchila iyi. Koma ukaziba, ukamba pamene apo. Maawazi yaja siyanali yako." Ankanena maola amene ndinataya ndikubisa.

Ndinayamba kulira, ndipo anandisiya ndilire. Kenako anati ndiwapatse sikuludiraiva ya m'sutikesi. Manja awo analephera kupotokola, choncho ndinatsegula ndine. Anandilozera ndi chala pafupi ndi polowera waya wa foni, pamene panali kachitsulo kakuda kophulika ndi mwaye kuzungulira.

"Waona? Apa ndiye polowela moto. Uzibe, ukazapeza inangu."

Anandisunga pafupifupi ola lathunthu, akundionetsa kachipangizo kalikonse ndi ntchito yake, akupuma pakati pa mawu. Za mndandanda sanazitchulenso. Potsanzikana anati modemu yawo ikhale ku ofesi.

Anamwalira patatha milungu isanu ndi umodzi, mvula isanathe. Pa maliro ndinakhala kumbuyo, pakati pa amayi a gulu lathu, ndikuthandiza kutunga madzi. Amake Dalitso anandiona n'kundiitana, nandigwira dzanja nthawi yaitali. Mpaka lero sindidziwa ngati amuna awo anawauza.

Nesi anandiuza pambuyo pake kuti Ba Daka anali atafooka kwambiri, mwina mankhwalawo sakanawathandiza, mwinanso madokotala sakanawasankha n'komwe. Ankafuna kunditonthoza. Mwina ankanena zoona. Koma pa mndandanda uja panali anthu ena atatu amene sanafike pa gulu lotsatira, ndipo za iwo nesi sananene kanthu. Otsalawo anayamba mankhwala miyezi itatu itakwana. Mayi wogulitsa nsomba uja alipo mpaka lero, ali ndi zidzukulu. Tikakumana pa msika amandipatsa moni wa nthawi zonse, sadziwa kuti ndinagwirapo dzina lake m'manja.

Amai Sakala sanandichotse ntchito. Ndinakhala pa ofesiyo zaka zina zinayi, ndikusamalira makina ndekha, ndipo kuchokera pamenepo ndinapita kukaphunzira za maneteweki, kulumikiza makompyuta. Ndiyo ntchito imene ndimagwira lero. Ma modemu a foni anatha kalekale, achinyamata amene ndimagwira nawo sanamvepo kulira kwake, ndipo ndikawasimbira amaseka.

Sindiwauza nkhani yonse. Koma amadziwa kuti ndikaitanidwa pamene intaneti yafa, sindiyamba ndi kutsegula chikwama cha zipangizo. Ndimayamba ndafunsa mwini ofesi kuti n'chiyani chimene chikudikira kutumizidwa, chiyenera kufika nthawi yanji, ndipo ngati makinawa sadzuka, chingapite bwanji. Ena amadabwa, amati mayiyu tamuitanira mawaya, akufunsa za makalata athu. Zikadziwika, mpamene ndimagwada pansi pa tebulo. Ndipo chikandikanika, kapena ndikaona kuti ndalakwitsa ndine, ndimadzuka pomwepo, fumbi lili m'mawondo, n'kukanena. Mawu ake amawawabe pakamwa ngati kale. Ndimawanena msanga, munthu akadali ndi nthawi yochita china.